Chipale chinanditsekera ku Glasgow, chinkhoswe ndinaonera pafoni

Chijasi changa chokhuthala ndinachisiya dala kuseri kwa chitseko. Ndinkati ndikupita ku Lilongwe, dzinja lili pakati, kunja kuli thukuta lokhalokha, nanga chijasi cholemera ngati thumba la chimanga ndikachitenji nacho? Basi indinyamula pa siteshoni ya Buchanan n'kukanditula pakhomo penipeni pa bwalo la ndege, mphepo indipeza kuti? Ndinavala shati, kajuzi kopyapyala ndi nsapato zoyendera m'tauni. Linali Lachitatu pa 28 February 2018, ndipo n'kuti nditakhala ku Glasgow miyezi isanu yokha, ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri.

Ulendowo unali wa chinkhoswe cha mlongo wanga, chomwe chinali Loweruka pa 3 March. Musutikesi munali nsapato zake zoti adzavale tsikulo, jekete lakuda la bambo, mafuta onunkhira a amayi ndi tizovala ta ana a msuweni wanga. Ndalama zogulira zonsezi ndinazipeza podzimana, ndipo pa tikiti ndinadzimananso. Kuchokera ku Britain kulibe ndege yopita ku Malawi mwachindunji. Umadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Nditafufuza pa intaneti ndinaona kuti ndikagula tikiti imodzi ya ulendo wonse kuchokera ku Glasgow, mtengo ukukwera. Koma ndikagula ziwiri, ina yotchipa yopita ku London, ina ya kampani ina yochokera ku London kukafika ku Lilongwe ndi kubwerera, nditsala ndi mapaundi pafupifupi 70 m'thumba. Ndinadziona wochenjera. Pakati pa ndege ziwirizo ndinasiyapo maola asanu ndi awiri, ndipo ndinkati ngakhale itachedwa bwanji, ndikaipeza inzakeyo.

Chipale chofewa ndinkachilakalaka chibwerere. Ndinkafuna chithunzi chotumiza kumudzi nditaima poyera kuti mbee. Walira mvula walira matope. Chimene chinabwera sabata imeneyo anthu a kuno anachipatsa dzina loti Beast from the East, chilombo chochokera kum'mawa. Nthawi zambiri mphepo ya ku Britain imachokera kumadzulo, kunyanja ya Atlantic, ndipo ndi imene imachititsa kuti dzikoli lisazizire ngati Russia. Koma chapakati pa February mpweya wa m'mwamba kwambiri, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, unatentha mwadzidzidzi, mphepo ija n'kusokonekera. Inatembenuka, n'kuyamba kuwomba kuchokera cha ku Siberia. Podutsa pa nyanja ya North Sea inkatola chinyezi, ikafika ku Scotland n'kumachikhuthula ngati chipale.

M'mawawo machenjezo analipo ndithu, kungoti ine ndinkawerenga mawu amodzi okha pafoni: ndege yanga sanailembe kuti yalephereka. Basi inayenda ngati nkhono pa msewu wa M8. Titafika, zikwangwani zonse zinkangoti ndege zachedwa. Ola limodzi, kenako awiri. Kenako mizere ija inayamba kusanduka yofiira umodziumodzi, kuyambira pamwamba kutsika pansi, ndipo wanga unasintha ndikuuyang'ana. Nthawi yomweyo kunamveka kuti a Met Office, omwe amaona zanyengo ku Britain, atulutsa chenjezo lofiira la chigawo chapakati cha Scotland, kuyambira 3 koloko masana mpaka 10 koloko m'mawa wa Lachinayi. Machenjezo awo ali patatu: lachikasu, la mtundu wa lalanje, ndi lofiira. Lofiiralo limatanthauza kuti moyo uli pachiswe. Aka kanali koyamba kuti Scotland ilandire chenjezo lofiira chifukwa cha chipale. Nicola Sturgeon, yemwe ankatsogolera boma la Scotland panthawiyo, anali pa TV kuuza anthu kuti asayende.

Apa m'pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndege italephereka, anthu ozolowera anangotembenuka n'kuthamangira basi yobwerera m'tauni. Ine ndinathamangira pamzere wa kauntala. Ndinaima pamenepo maola awiri ndi theka, ndipo pofika kutsogolo mtsikana wotopa anandipatsa kapepala kolembedwa kuti zonse ndichite pa intaneti. Potuluka panja, mabasi anali ataleka kuyenda. Sitima nazo zinali zitaima. Takisi ikati yatulukira, anthu makumi awiri aizungulira. Mahotela oyandikana ndi bwalo anali atadzaza kalekale. Kwanga kunali makilomita pafupifupi 13 kuchokera pamenepo, chijasi chija chili phee kuseri kwa chitseko. Ndinaima panja mphindi zitatu zokha, makutu n'kuyamba kuwawa ngati wina akuwapotokola. Ndinakulira ku Dedza, kumene timanyadira kuti kuzizira timakudziwa, koma June wa ku Dedza ndi mwana.

Ndinabwerera mkati n'kukhala pansi pafupi ndi khoma lomwe linali ndi soketi. Pambali panga panali mayi wina wachikulire wa ku Scotland komweko, yemwe ankapita kukaona mdzukulu. Anandiona ndikulimbana ndi foni. Pafonipo kampani inandipatsa mabatani awiri: lina lobweza ndalama, lina losintha tsiku la ulendo. Chala changa chinali kale pa lobweza ndalama, poganiza kuti ndigula tikiti ina mawa.

"Mwana wanga, usadine limenelo," anatero.

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati anagwirapo ntchito yogulitsa matikiti zaka zambiri, ndipo anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mphunzitsi wa sitandade 1. Ukasankha kubwezeredwa ndalama, iwe ndi kampani mwasiyana pomwepo. Sakhalanso ndi udindo wokudyetsa, kukugoneka kapena kukufikitsa kumene ukupita. Akubwezera timapaundi tako tochepa, pomwe matikiti a mawa ndi mkuja akwera katatu chifukwa aliyense akulimbirana mipando yomweyo. Ukasankha kusintha ulendo, ukadali munthu wawo mpaka akakutule.

Kenako anafunsa funso limene linandiumitsa pakamwa: "Ku London n'kumene ukuthera?"

Nditawauza za tikiti yachiwiri, anafunsa ngati matikiti onsewo ali pa nambala imodzi. Ndinati ayi. Anapukusa mutu. Akanakhala pa nambala imodzi, kampani ikanandisunthira ulendo wonse mpaka ku Lilongwe popanda kulipira kanthu, chifukwa pangano likanakhala loti andifikitse kwathu. Koma kwa kampani yachiwiriyo, chipale cha ku Glasgow sichinkawakhudza. Ndege yawo inali yoti inyamuka ku London usiku womwewo, ndipo ine ndikanangolembedwa kuti sindinabwere. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu ukapanda kukwera ndege yoyamba ya patikiti yako osanena, makampani ambiri amafufuta maulendo onse otsala, ngakhale wobwerera. Ndikanataya ndalama yonse ya tikiti yaikulu ija.

"Imba tsopano, ndege isananyamuke. Usadikire mawa."

Ndinaimba. Ndinamvera kanyimbo kodikirira mphindi zoposa makumi anayi, batire likutsika, mtima uli m'mwamba. Atayankha, anavomera kundisunthira ku ndege ya Lamlungu usiku, koma ndilipire chindapusa chosinthira tsiku kuphatikiza kusiyana kwa mitengo. Zonse pamodzi zinapitirira mapaundi 300. Ndinafunsa za Lachinayi kapena Lachisanu. Malo analipo, koma vuto linali loti ndikafika bwanji ku London. Kampani yoyamba ija mpando woyamba umene inandipezera unali wa Lamlungu m'mawa. Sitima zowolokera ku England nazo zinali zitaima. Ndinawerengera masiku ndi zala ngati kuti asintha. Lamlungu kunyamuka, Lolemba kufika. Chinkhoswe Loweruka.

Kuimbira amayi kunali kovuta kuposa kuimbira makampani onse awiri.

"Amayi, ndege sizikunyamuka kuno. Kwagwa chipale."

"Ndiye mvula yakeyo siikata? Dikirani ikate muzibwera."

"Siili ngati mvula, amayi. Ikagwa siyenda, imangounjikana."

Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati ndadya. Mlongo wanga analanda foni. "Achimwene, nanga nsapato zija?" Tinaseka tonse, koma kusekako kunali kobisa misozi.

Usiku umenewo anthu odzipereka a Red Cross anabwera ndi timabedi topinda ndi mabulangete. Anayambira ana, okalamba ndi odwala, monga kuyenera. Ine ndinapeza bulangete lokha. Bwalo la ndege ndi nyumba ya magalasi ndi matailosi, ndipo zitseko zake zimadzitsegukira munthu akangodutsa pafupi, ndiye mphepo inkalowa ngati ili kwawo. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinatsegula sutikesi. Ndinavala mashati atatu, pamwamba pake jekete latsopano la bambo, kapepala ka mtengo kakulendewera pamkono. Kumapazi ndinavala masokosi awiri awiri. Tizovala ta ana tija ndinatikulunga n'kusandutsa pilo. Mphatso za anthu zinayamba kugwira ntchito eni ake asanazione.

Magetsi sazima pamalo ngati amenewa, ndipo zilengezo zoti musasiye katundu payekha zinkalirabe usiku wonse ngati kuti pali amene akupita kwinakwake. Pa TV ankaonetsa msewu wa M80, kumpoto chakum'mawa kwa Glasgow, kumene magalimoto mazanamazana anatsekeredwa usiku wonse anthu ali momwemo. Nditaona zimenezo ndinasiya kudzimvera chisoni. Ine ndinali ndi denga ndi chimbudzi.

Pali bambo wina amene anakhala akukalipa mpaka mbandakucha kuti ku Norway ndi ku Finland chipale chimagwa choposa ichi koma ndege zimauluka. Ankanena zoona, koma mbali imodzi. Ku Oslo ndi ku Helsinki chipale ndi cha chaka ndi chaka, ndiye ali ndi magalimoto ambiri ochikokolola komanso anthu oti ntchito yawo ndi yomweyo. Ku Britain chotere chimabwera patalipatali. Ngakhale Heathrow, bwalo lalikulu kwambiri m'dzikolo, linasokonekera masiku angapo mu December 2010. Komanso nkhani si msewu wa ndege wokha. Ndege siingauluke mapiko ali ndi ayezi, chifukwa ayeziyo amasokoneza kayendedwe ka mpweya pamapikopo. Amaipopera mankhwala osungunula, koma mankhwalawo ali ndi nthawi yake. Chipale chikamagwabe mwamphamvu ndege isananyamuke, ayenera kuyambiranso. Oyendetsa ndege ndi antchito ena nawo ndi anthu, amachokera m'nyumba zawo pa misewu yomweyo yotsekeka, ndipo lamulo lili ndi malire a maola amene angagwire ntchito. N'chifukwa chake dzuwa likhoza kuwala, bwalo n'kutsegulidwa, iwe n'kudikirabe masiku awiri: ndege zili kolakwika, antchito ali kolakwika, ndipo ndege za masiku otsatira zinali zitadzaza kale ndi eni ake.

Lachinayi m'mawa mayi aja anandiphunzitsanso china. Ndinkangodya mabisiketi poopa mitengo ya pabwalo la ndege, iwo n'kundiuza kuti ndigule chakudya chenicheni ndi kusunga lisiti. Pali lamulo la European Union, nambala 261 la chaka cha 2004, lomwe limateteza aliyense wonyamuka pa bwalo la m'maiko amenewo, posatengera kuti pasipoti yake ndi ya kuti. Limati ndege ikalephereka, kampani ikupatse chakudya, malo ogona ngati ugonera, thiransipoti yopita kumaloko, ndi njira yolumikizirana ndi abale. Udindo umenewu sutha chifukwa choti cholepheretsa ndi nyengo. Khoti la European Union linagamula choncho mu 2013, pa mlandu wochokera pa phulusa la phiri la ku Iceland lomwe linatseka mlengalenga mu 2010. Kampani ikalephera kukukonzera zimenezi, umalipira wekha moyenera n'kudzaitanitsa ndalama zako. Mowa ndi hotela yapamwamba sabweza. Britain itatuluka mu European Union inasunga lamuloli pafupifupi momwe linalili, kungoti ndalama zake tsopano zili m'mapaundi.

Chosiyana ndi chipepeso. Lamulo lomwelo limapereka mayuro 250, 400 kapena 600 kutengera kutalika kwa ulendo, koma pokhapokha cholepheretsacho chili m'manja mwa kampani, monga ndege kuwonongeka kapena antchito kusowa. Chipale sichili m'gulu limenelo. Ine ndinayesabe kulemba kalata yofuna chipepeso, anandikana, ndipo kunena chilungamo anali ndi mfundo. Ndalama za chakudya anandibwezera patapita milungu ingapo. Mapaundi 300 aja palibe anawakhudza: kampani yoyamba inati pangano lathu linkathera ku London, ndipo inshulansi ndinalibe. Ndinaiona ngati kuwononga ndalama. Amene mukukhala ku America musadalire zimene ndalembazi, chifukwa kumeneko lamulo silikakamiza kampani kukugonekani kapena kukudyetsani nyengo ikalepheretsa ulendo. Chimene muli nacho ndi ufulu wobwezeredwa ndalama ngati mwasankha kusayenda.

Panabweranso yesero lina Lachinayi lomwelo. Mnzanga wa kusukulu ananditumizira uthenga kuti waona njira yodzera ku Amsterdam ngati bwalo litatsegulidwa msanga. Ndinatsala pang'ono kubwereka ndalama. Chinandibweza ndi pasipoti. Ndi pasipoti ya Malawi sungatuluke pabwalo la ndege ku Amsterdam kapena ku Paris popanda viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Chipale chinali chitakuta mbali yaikulu ya Ulaya, ndipo mphepo ina yamkuntho yotchedwa Emma inali ikubwera kuchokera kum'mwera, yomwe inakatseka bwalo la ku Dublin. Ndikanakakamira kumeneko, anzanga a mapasipoti ena akanapita kuhotela, ine n'kutsala pabenchi. Azungu akamakupatsa malangizo a njira zachidule sakumbukira zimenezi, chifukwa iwo sizinawagwerepo. Musanavomere kudzera dziko lina, dzifunseni ngati mungagonemo zinthu zitavuta.

Chenjezo lofiira linatha 10 koloko m'mawa koma misewu inali ikadali yosayendeka. Ndinali nditazengereza kulemba pa gulu la WhatsApp la Amalawi okhala ku Scotland, kuopa kuoneka wopempha. Nditalemba, sipanathe mphindi khumi. Mayi wina, namwino, yemwe amakhala ku Paisley pafupi ndi bwaloli, anayankha kuti: "Achimwene, mwagona pamenepo ife tili pompano? Dikirani, abambo akunyumba akubwera." Galimoto yawo inali itakwiririka. Bamboyo anabwera wapansi, atanyamula chijasi ndi nsapato za jombo. Sutikesi matayala ake sankayenda m'chipale, ndiye tinkasinthana kusenza pamutu ngati tikuchokera kuchigayo, azungu akutiyang'ana pamawindo. M'masitolo buledi ndi mkaka zinali zitatha, koma m'nyumba ya Mmalawi ufa susowa. Tinadya nsima ya nyemba ndi nsomba za m'chitini. Mayiwo atatha kudya anavala n'kuyamba ulendo wapansi wopita kuntchito yausiku.

Ndinakhala nawo mpaka Lamlungu. Ndege zinayamba kunyamuka pang'onopang'ono Lachisanu, koma ine mpando wanga unali wa Lamlungu basi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamayenda pakati pa December ndi March ndimagula tikiti imodzi ya ulendo wonse ngakhale idule, ndipo ngati pali mwambo kumudzi ndimanyamuka kudakali sabata yathunthu. Chijasi ndimavala mpaka m'ndege, ndikafika ku Lumbadzi ndimachinyamula pamkono anthu n'kumaseka. M'kachikwama ka m'manja simusowa chaja, kabatire kapadera, mankhwala, masokosi ndi mswachi. Ndege ikangolephereka ndimajambula uthengawo pafoni, ndipo ndimayamba ndaganiza za pogona ndisanaganize za mzere wa pakauntala. Zosintha tikiti zimatheka uli pabedi, koma basi yomaliza ikapita yapita.

Loweruka masana msuweni wanga anaimba vidiyo pa WhatsApp n'kukweza foni m'mwamba. Netiweki inkadukaduka, zithunzi zikuima, mawu akubwera mochedwa. Ndinaona atsikana atafunditsidwa zitenje akutulutsidwa mmodzimmodzi, akuchimuna akukana kuti si ameneyu, anthu akufa ndi phwete. Ndinaona amalume akulandira tambala, thadzi akupita kuchimuna. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, woyendetsa mwambo analengeza kuti achimwene a mkwatibwi atsekeredwa ndi matalala ku Ulaya, ndipo msuweni uja anaponya ndalama m'lichero m'malo mwanga. Eni nyumba ku Paisley anaimirira pabalaza n'kuyamba kuvina nawo, mayi aja akululutira mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma.

Ndinatera pa bwalo la Kamuzu Lolemba masana, mvula itangokata kumene, nthaka ikununkhira. Kunyumba matenti anali atachotsedwa, kutangotsala mipando ingapo yobwereka kutchalitchi ikudikira ngolo. Mlongo wanga anatsegula sutikesi, anatulutsa nsapato zija n'kuziyesa pakhonde. Tsiku la chinkhoswe anavala za mnzake, zomuthina. Anati izi azisunga za paukwati. Bambo anavala jekete lawo, anadziyang'ana pagalasi, kenako analinunkhiza pakolala.

"Kodi limeneli ndi la kaunjika?"